ZA PA BANJA: Kodi Khanda Lidya Ndalama Zingati?

Ino ndi nyengo ya masika. Chimanga chili kulowa m'nkhokwe, mtedza wakumbidwa, soya wapunthidwa, ndipo ogula afika kale ndi masikelo awo, nakhala pansi pa mitengo m'mbali mwa misewu. Popeza ndiyo nyengo imene munthu wa kumudzi aona chuma chake cha chaka chonse chili pamalo amodzi, tayesa kuti nkoyenera kuyankha tsopano funso limene anyamata okwatira chatsopano atifunsa kawirikawiri, ena moseka, ena ndi nkhawa yeniyeni, lakuti: Kodi kulera khanda kudya ndalama zingati?

Sitidzayankha ndi chiwerengero cha makwacha ai, pakuti kwacha sikhala malo amodzi. M'mwezi wa Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100, ndipo m'Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi magawo 44. Nonse mukumbukira m'mene sopo ndi shuga zinakwerera m'masabata owerengeka. Mtengo umene tikadalemba lero ukadasanduka bodza Khirisimasi isanafike. Chifukwa chake tidzawerenga monga awerengera alimi, ndi ndowa, ndi nkhuku, ndi masiku a khasu, pakuti miyeso imeneyi sisintha. Ndipo tineneretu mutu wa nkhani yathu, kuti wofulumira amene adzalekeza pakati asapite chimanjamanja: zambiri zimene masitolo agulitsira makanda, khanda silizifuna konse, chimene lichifuna ndithu chili pakhomo panu lero lino, ndipo kapena mawa mudzachisenza kunka nacho ku sikelo ya wogula.

Mtengo woyamba ulipidwa mwana asanaoneke. Ku zipatala za boma mayi wapakati salipa kanthu pa sikelo kapena pochira; alandira mankhwala oonjezera magazi, mankhwala oteteza malungo, ndi ukonde wotchinga udzudzu. Zipatala zambiri za misoni nazonso zinapangana ndi boma kuti amayi ndi makanda obadwa kumene athandizidwe osalipa. Koma si zonse, tsono funsani mimba ikali yaing'ono, mungadzadzidzimuke pa tsiku lotuluka. Komatu ulere wa chipatala uthera pa chipata. Njira ili ndi mtengo wake. Mayi wokhala kutali ayenera kukakhala ku chidikiro masabata awiri kapena atatu, ndipo kumeneko adya ufa wa kwawo ndi ndiwo za kwawo, naphikira nkhuni zogula. Womdikirira nayenso ali ndi pakamwa, ndipo khasu lake ligona kumudzi masiku onsewo. Anamwino afunanso kuti mayi afike ndi zitenje zingapo zochapa bwino, beseni, sopo, lezala latsopano, ulusi, pepala la pulasitiki loyala ndi tochi. Izi si zambiri zikagulidwa chimodzichimodzi. Mimba ipatsa mwamuna miyezi isanu ndi inayi ya kukonzeka, ndipo palibe mlendo wina amene atumiza mawu msanga chotere. Wogula chitenje chimodzi mwezi uliwonse sadzamva kuwawa. Koma wodikira kufikira matenda atayamba adzagogoda kwa wakatapila usiku, nadzabweza kawiri. Musanatuluke m'chipatala lembetsani mwanayo m'kaundula wa boma, monga lilamula lamulo la kalembera la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015. Polembetsa pa kubadwa salipitsa.

Tsopano za mkaka. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba khanda silifuna china koma bere lokha. Ngakhale madzi, ngakhale dawale, ngakhale timankhwala ta agogo, ai. Awa ndi malangizo amene bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi linakhazikitsa mu 2001, ndipo zipatala zathu ziphunzitsa zomwezo. Mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena aufinyira pansi nati ngwoipa, ndiwo chitetezo choyamba cha mwana, ndipo palibe sitolo iugulitsa. Nayenso mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV asaope: kuyambira 2011 amayi otere m'dziko muno apatsidwa mankhwala a moyo wonse, ndipo akamwa mokhulupirika ayamwitsa monga anzawo.

Koma alipo ena, makamaka oyandikana ndi matauni, amene ayesa kuti mkaka wa m'chitini ndiwo wa anthu otsogola. Tiyeni tiwerenge. Khanda loleredwa ndi mkaka umenewu lidya makilogalamu 20 a ufa wake m'miyezi isanu ndi umodzi. Ndizo zitini 50 za magalamu 400, ziwiri sabata iliyonse. Pitani ku sitolo, mufunse mtengo wa chitini chimodzi, muuchulukitse ka 50, ndipo muuike pambali pa ndalama zimene mwapeza pa soya wanu yense wa chaka chino. Pamenepo musanawerenge nkhuni zowiritsira madzi kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu tsiku lililonse, usiku womwe. Chimene chichitika tichidziwa tonse. Chitini chikayandikira kutha, ndalama palibe, mayi achepetsa masipuni nachulukitsa madzi. Mwana amwa madzi oyera, mimba itupa, thupi liwonda. Botolo nalo silitsukika bwino m'kati, ntchentche zitera pa nsonga yake, ndipo m'mimba mutseguka. Pofuna kubwerera ku bere apeza laphwa, pakuti bere lichulutsa mkaka pokhapokha mwana akamayamwa. Mayi wodandaula kuti mkaka wake ngwochepa, mankhwala ake ndiwo kuyamwitsa kawirikawiri, usana ndi usiku, ndi kudya iye mwini.

Pakuti musayese kuti bere nlaulere. Mayi woyamwitsa atulutsa mkaka wokwana pafupifupi magawo atatu a magawo anayi a lita tsiku lililonse, ndipo mkakawo uchokera m'mbale yake. Mbale ikachepa, uchokera m'thupi lake lomwe. Ayenera kudya kamodzi kapena kawiri koposa m'mene adyera masiku onse, ndi kumwa kokwanira, thobwa kaya madzi abwino. Apa tili ndi mawu kwa inu abambo. M'nyumba zambiri mbale ya bambo itsogola, ya ana itsata, ndipo mayi akokota za m'mphika. Mwamuna amene adya chiwindi ndi ntchafu za nkhuku, namsiyira mkazi woyamwitsa mapazi ndi msuzi, alanda chakudya pakamwa pa khanda lake lomwe, angakhale sadziwa. Chimodzimodzi iwo amene aletsa mayi wapakati mazira, nati mwana adzabadwa wopanda tsitsi: tsitsi limera lokha, koma magazi a mayi afuna dziralo.

Za zovala sitichedwapo. Khanda likula msanga kotero kuti kamalaya ka mwezi uno sikalowa mwezi wa mawa, ndipo za mkulu wake kapena za pa kaunjika zifunditsa chimodzimodzi ndi zatsopano. Nsapato za mwana amene sanaponde pansi ndi ndalama yotaya. Chitenje ndicho chuma chenicheni, pakuti chili mbereko, chili chofunda, chili mthunzi ku munda, ndipo chikatha ching'ambidwa nichikhala thewera. Koma matewera ogula otaya aja, amene anthu awatcha mapampasi, alowa tsopano ngakhale m'maokala a kumudzi, ogulitsidwa limodzilimodzi, ndipo chifukwa agulidwa limodzilimodzi munthu samva kulemera kwake. Khanda likasinthidwa kasanu ndi kamodzi pa tsiku, pa chaka atha matewera 2,190. Wosauka, poona mtengo, asiya limodzi pa thupi la mwana kuyambira m'mawa kufikira madzulo, ndipo khungu lisupuka. Pa ulendo wautali kapena m'chipatala athandiza, sitikana. Koma pakhomo matewera ansalu khumi ndi awiri, sopo, madzi ndi dzuwa zikwana, ndipo adzafikanso kwa mng'ono wake. Mtengo wa ansalu ndiwo mikono yochapa ndi ndowa za madzi, tsono amene ali ndi njinga pakhomopo atunge. Otayawo, tinene mwapadera, sawola. Agalu ndi nkhumba aziwakoka m'mudzi, ndi mvula iwatsitsira ku dambo kumene titunga.

Chinanso chimene chidya ndalama popanda khanda kulawako ndi phwando. Tiona makolo ena achedwetsa ubatizo wa mwana chaka chathunthu, nati sitinapeze mbuzi, mpunga ndi zakumwa. Ubatizo ufuna madzi, nsalu yoyera, kandulo, nkhoswe yokhulupirika ndi makolo okonzeka. Mbuzi siili m'gulumo. Kukondwera pa tsikulo nkwabwino, ndipo thobwa ndi nkhuku imodzi zikondweretsa mokwanira. Mbuziyo isiyeni ibereke; mudzaifuna m'Febuluwale.

Tafika tsono pa mtima wa nkhani, ndipo apa tipempha muwerenge miyezi ndi zala. Khanda lobadwa mwezi uno wa Meyi libadwa pa zochuluka: amake akhuta, ntchito ya kumunda yachepa, udzudzu ukutha. Koma lidzakwana miyezi isanu ndi umodzi m'Novembala, ndipo pamenepo bere lokha silikwananso. Mwana ayenera kuyamba kudya, akuyamwabe kufikira zaka ziwiri kapena kupitirira. Onani tsono nyengo imene ayambira kudya! Disembala, Januwale, Febuluwale: nkhokwe yapepuka, mtedza unagulitsidwa kalekale, chimanga pa msika chakwera, amake ali kupalira kapena ali pa ganyu m'munda wa wina, mvula yabweretsa malungo ndi kutsegula m'mimba. Lobadwa m'Ogasiti liyamba kudya m'Febuluwale mwenimweni. Ana ambiri amene anali onenepa pa miyezi isanu, anthu nawayamikira pa sikelo, ayamba kutsika m'miyezi yomweyi. Mzere wa m'kabuku kawo ka sikelo, umene unali kukwera, ugona chammbali, kenaka uweramira pansi.

Chimene awapatsa nchiyani? Phala la ufa woyera, lamadzimadzi, lothira mchere, kapena shuga akapezeka. Mimba ya mwana wa msinkhu uwu njaing'ono, monga kapu ya tiyi. Ikadzala ndi madzi, malo a chakudya palibe. Mwana akhuta, aleka kulira, amake nayesa kuti wadya. Phala loyenera likhala lolimbirako, losayenderera pa sipuni ukaipendeka, la mgaiwa koposa la woyera, ndipo m'kati mwake mulowe kanthu komanga thupi: nsinjiro, ufa wa soya wokazinga, usipa kapena bonya wosinja, dzira, mkaka wa mbuzi wowiritsa, timasamba ta nkhwani kapena bonongwe tosinja, ndi kasipuni ka mafuta. Pakati pa chakudya alawe nthochi, papaya, mango, peyala, kapena mbatata yofiira m'kati monga Kadyaubwerere. Wa miyezi 6 kufikira 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku, kuyambira masipuni awiri kapena atatu. Wa miyezi 9 kunka m'tsogolo adye katatu kapena kanayi, ndipo adye m'mbale yakeyake, pakuti m'mbale ya onse akulu ake amposa liwiro. Alangizi a zaumoyo akamanena za magulu asanu ndi limodzi a zakudya anena zomwezi. Phala lotchuka la Likuni, limene linatenga dzina ku misoni ya Likuni pafupi ndi Lilongwe, si lamatsenga ai: ndi chimanga ndi soya, zimene inu nomwe mulima.

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, imvani zimene anapeza pa kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016. Mwa ana 100 osakwana zaka zisanu, 37 anali opinimbira, ndiko kuti aafupi koposa msinkhu wa zaka zawo. Mwa makanda 100 osakwana miyezi isanu ndi umodzi, 61 anali kuyamwa bere lokha, ndipo pamenepo amayi athu ayenera kuyamikidwa. Koma mwa ana 100 a miyezi 6 kufikira 23, amene anali kudya mokwanira, kangapo pa tsiku ndi zamitundumitundu, anali 8 okha. Pogwera pathu ndi pamenepa, pa phala. Ndipo kupinimbira si kufupika kokha. Ubongo nawo ukula m'masiku omwewo, masiku 1,000 ochokera pa kuima kwa mimba kufikira mwana atakwana zaka ziwiri, ndipo chimene chasowa m'masiku amenewa chibwezeka movuta pambuyo pake. Mwana wotere adwaladwala, achedwa kuyenda, ndipo pa sukulu abwereza makalasi, makolo namutcha mbuli. Akulu anati mmera mpoyamba. Mlimi aliyense adziwa kuti chimanga chimene chinasowa chakudya chili m'mawondo sichibereka bwino ngakhale uchithire feteleza chitamasula.

Nanga kuletsa zimenezi kudya zingati? Tiwerengenso. Sipuni yaikulu yodzaza nsinjiro ilemera monga magalamu 10. Mwana akalandira sipuni imodzi m'phala katatu pa tsiku, ndiwo magalamu 30. Pa chaka chathunthu ndi makilogalamu 11, monga ndowa imodzi ya mtedza wosenda. Ndowa imodzi! Onjezani ziwiri za amake, ndi ndowa ya soya, ndi nkhuku zazikazi ziwiri zimene mazira ake sagulitsidwa, ndi kadimba ka masamba kuseri kwa bafa kothiriridwa ndi madzi otsukira mbale. Umenewu ndiwo mtengo wa khanda m'chaka chake choopsa, ndipo uchepa kutalitali poyerekeza ndi zitini 50 zija. Chovuta nchakuti ulipidwa tsopano, m'Meyi ndi m'Juni, pamene wogula ali pa msewu ndi ndalama m'manja, ngongole ya feteleza ikukumbutsidwa, ndipo mwana akali wonenepa pa bere, kotero kuti palibe aona chifukwa chosungira. M'Januwale mudzagula mtedza womwewo pa timilu ta pa msika, pa mtengo woposa umene munagulitsira, ngati ndalamayo idzakhalapo.

Posunga, sungani wabwino. Chizolowezi chathu nchosankha mtedza wonona kunka nawo ku msika, ndi kusiya wofota, wobooka ndi wachuku kuti ukhale wa nsinjiro pakhomo. Chuku cha mtedza ndi chimanga chili ndi ululu umene uwononga chiwindi, ndipo kuphika sikuuchotsa. Mtedza wa mwana uume bwino, ukhale m'makoko mwake pamalo ouma osakhudza pansi, ndipo muzisenda pang'onopang'ono, osauviika m'madzi pofuna kufewetsa makoko.

Pali chinthu china chimene tikachiganiza chitimvetsa chisoni. Mwana akanyentchera koopsa, ku chipatala ampatsa chiponde cha m'timapaketi. Mankhwala amenewa anayesedwa m'dziko lathu lino, ku Blantyre, m'zaka zoyamba za m'ma 2000, ndi dotolo wa ana wa ku America, Mark Manary, pamodzi ndi anzake, ndipo apulumutsa ana osawerengeka kuno ndi ku maiko ena. Koma chipondecho nchiyani? Mtedza, mkaka wa ufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Tsono banja ligulitsa mtedza wake m'Meyi pa mtengo wotsika, ndipo m'Febuluwale mayi ayenda mtunda wautali pa matope, mwana wotupa mapazi ali kumbuyo, kukalandira mtedza m'kapaketi. Tithokoza kuti chipondecho chilipo, ndipo amene mwana wake wafika pamenepo athamange osachita manyazi. Koma njira ya mtedzawo yatalika koposa muyeso.

Tidziwa kuti zilipo zaka zimene m'nkhokwe mulibe chosunga. Namondwe Freddy m'Malichi 2023 anakokolola minda ya kum'mwera, ndipo ng'amba ya 2024 inapsereza mbewu m'maboma 23 mwa 28. Amene anakolola mapesi okha sitiwadzudzula. Koma ngakhale m'chaka chotere, kochepa kamene kalipo kali ndi woyamba kulandira, ndiye wamng'ono koposa onse pamodzi ndi amake. Wamkulu akagona ndi njala awonda nadzanenepanso, koma khanda litaya chimene silidzachipezanso.

Mtengo wina, umene sulembedwa m'buku lililonse, ndi nthawi ya mayi. Khanda laling'ono liyamwa kasanu ndi katatu kufikira khumi ndi kawiri usana ndi usiku. Lokulirapo lifuna phala lofunda katatu kapena kanayi, ndi munthu woleza mtima wolidyetsa, pakuti mwana wa miyezi isanu ndi itatu sadya mofulumira. Tsono banja limene lili ndi khanda lidziwe kuti chaka chimenecho khasu limodzi lilima theka. Mwamuna akakana kuwerenga chimenechi, nafuna kuti mizere ithe monga chaka chatha, mayi asiya khanda m'manja mwa kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri pamodzi ndi phala lozizira la m'mawa. Khanda litsegula m'mimba, ndipo kamtsikanako kajomba ku sukulu. Mtengo walipidwa ndithu, koma aulipa ndi ana awiri. Kuli bwino bambo alawire yekha m'mamawa, mayi amtsate dzuwa litakwera. Kuli bwino nthawi ya bawo ichepe, ndipo ya kachasu ithe.

Kuno kwathu kwa chikamwini kuli kamsampha kena. Mkamwini anena mumtima mwake, ana awa nga kuchikazi, mwini mbumba alipo. Atsibweni nawo ati, mwanayu ali ndi atate wake, ine ndili ndi anga. Pakati pa awiriwa mwana agona ndi phala lopanda nsinjiro. Za ufumu ndi za minda zitsate mwambo wake. Koma mbale ya khanda ili pa iye amene analibala. Inunso amene muli ku Joni kapena m'matauni, potumiza kanthu kumudzi, kumbukirani kuti tizovala tokongola tionekera pa chithunzi cha pa foni, koma ndalama yofika m'Disembala yogulira usipa ndi mafuta ndiyo ioneka pa sikelo.

Kwatsala matenda, ndipo chakudza sichiimba ng'oma. Katemera ngwaulere: wa chifuwa chachikulu ndi wa poliyo pobadwa, ena pa masabata 6, 10 ndi 14, wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Dziko lathu ndilo linayamba pa dziko lonse lapansi kupereka katemera wa malungo kwa ana, m'Epulo 2019, m'maboma ena. Funsani ngati kwanu afika, koma ukonde musauleke, ndipo usasanduke wophera usipa kapena wotchingira nkhuku. Mtengo wa zonsezi ndi tsiku limodzi la ulendo mwezi uliwonse. Chimene chigwetsa banja ndi matenda a usiku. Mwana watentha thupi, akana bere, apuma mofulumira, kapena wakomoka. Chipatala chili kutali, wakabaza afuna ndalama yake pompo, ndipo nthawi zina mankhwala apezeka atatha, nakuuzani mukagule. Makolo ambiri achedwa kufikira m'mawa, ena kufikira mkuja, chifukwa cha kusowa ndalama ya njira yokha, ndipo malungo a mwana sadikira masiku awiri. Chifukwa chake pa zimene mugulitse mwezi uno patulani ndalama ya ulendo umodzi wa usiku, kupita ndi kubwera, pamodzi ndi chakudya cha masiku atatu. Ikhale kwa mayi, pamalo podziwa awiri, ndipo isabwerekedwe ngakhale pa maliro. A m'banki m'khonde afunse za thumba la ngozi la gulu lawo. M'midzi yambiri yakutali mlangizi wa zaumoyo ali ndi kachipatala ka m'mudzi kothandiza ana a miyezi iwiri kufikira zaka zisanu pa malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Dziwani nyumba yake ndi nambala yake matenda asanafike. Khanda losakwana miyezi iwiri likadwala, ulendo ngwa ku chipatala basi.

Ndalama zambiri zitayikanso panjira yolakwika. Liwombo la mwana likalowa, anthu athamangira wodziwa zomata pamutu, nalipa. Liwombo lilowa chifukwa madzi atha m'thupi ndi kutsegula m'mimba. Chofunika ndi bere kawirikawiri, madzi a Thanzi, ndi mapiritsi a zinki a ku chipatala, ndipo liwombo lidzadzuka lokha. Mwana akatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi nkufiira, akulu ati ndi tsempho, nayamba kufunsa amene walakwa pakati pa bambo ndi mayi. Banja likangana, nkhuku ipita kwa sing'anga. Kutupako ndi matenda a kusowa chakudya choyenera, ndipo nkhuku imene yapita kwa sing'angayo ndiyo inayenera kuikira mazira a m'phala.

Pa chinthu chimodzi agogo athu anaona bwino, ndicho utumbidwa. Anadziwa kuti mimba ikatsatana msanga, wamkulu achotsedwa ku bere asanalimbe, wamng'ono abadwa wochepa, ndi mayi afooka. Ndipo anali kudzudzula mwamuna wosadziletsa poyera. Madotolo a lero avomerezana nawo, nati papite zaka ziwiri mwana atabadwa mimba ina isanaime. Makanda awiri pa nthawi imodzi adya koposa kawiri, pakuti mayi ndi mmodzi yemweyo, msana umodzi. Bambo ndi mayi akambirane za ichi masana, mwaulemu, ndipo alangizi a mabanja a m'parishi alipo kuwaphunzitsa njira zachilengedwe. Koma mimba ikaima mwana akali kuyamwa, musamchotse ku bere tsiku lomwelo ndi kumtumiza kwa agogo, monga achita ambiri poopa kuti mkaka wasanduka ululu. Mkakawo suipa ai. Mayi ayamwitsebe, adye koposa, ndipo mwana aletsedwe pang'onopang'ono phala lake litakhazikika.

Pomaliza tikumbuke khanda limene amake amwalira pochira, kapena adwala kotero kuti sangathe kuyamwitsa. Kwa ili lokha mkaka wa m'chitini ndiwo moyo, ndipo zitini 50 zija zigwera agogo okalamba amene alibe ngakhale mtengo wa chimodzi. Mkaka wa ng'ombe wosakonzedwa suyenera khanda la masabata ochepa, ndipo phala kapena madzi a shuga zilipha pang'onopang'ono. Achibale afike nalo ku chipatala msanga, kuti anamwino awaonetse kasakanizidwe kake ndi kamwetsedwe ka pa kapu, imene itsukika bwino koposa botolo. Ndipo apa mphakati usadikire kupemphedwa. Mabanja makumi awiri ndi asanu akagula zitini ziwiriziwiri, miyezi isanu ndi umodzi yakwana; atsogoleri alembe maina ndi masabata, kuti chitini chatsopano chifike chakale chisanathe.

Mwezi wa mawa, Mulungu akalola, tidzanena za kafutsidwe ka masamba ndi kasungidwe ka mbatata, kuti ndiwo za mwana zifike m'Novembala.